Telix pa kompyuta ya DOS: kuiika koyamba ndi kusintha yakale

Telix ndi pulogilamu yothandiza kompyuta yanu kukambilana ndi kompyuta ina kudzela pa modemu ndi waya wa foni. Anailemba ndi Colin Sampaleanu wa ku Canada mu 1986, ndipo inali kugawidwa mwa njila ya shareware: muyambe mwaiyesa, ikakukomelani mulipile. Malangizo ano ndi a Telix 3 ya DOS, pulogilamu yakale yoyendetsa kompyuta imene mumacita kuilembela malamulo.

Ipangileni foda yakeyake. Lembani MD C:\TELIX, kenako CD C:\TELIX, mukopelemo zonse za pa disiki. Ngati zabwela zomangidwa mu faelo ya ZIP, zimasuleni ndi PKUNZIP. Mu AUTOEXEC.BAT, faelo imene DOS imawelenga kompyuta ikamayaka, onjezelani mzele wakuti SET TELIX=C:\TELIX\ kuti pulogilamu izipeza mafaelo ake ngakhale mwaiyambitsila mu foda ina. Zimitsani kompyuta, muiyatsenso, mulembe CD C:\TELIX, kenako TELIX.

Musathamangile kutuma foni. Coyamba modemu ikuyankheni. Pa sikilini yopanda kanthu ija lembani AT, mudinize Enter. Ikalemba OK, nchito yaikulu yatha. Ikakhala zii, Telix ikukamba pa khomo (COM, polumikizila modemu) lolakwika. Dinizani Alt-P musankhe COM1 kapena COM2, malinga ndi pamene mwalumikiza nthambo ya modemu kumbuyo kwa kompyuta.

Pa nkhani ya makomo imeneyi ndi pamene ambili amataya tsiku lathunthu. COM1 ndi COM3 zimagawana IRQ 4 (IRQ ndi njila imene cipangizo cimaitanila kompyuta), COM2 ndi COM4 zimagawana IRQ 3. Conco mausi ikakhala pa COM1, modemu ya mkati n'kuikidwa pa COM3, ziwilizi zimalimbana. Cizindikilo cake n'coseketsa: zilembo zimaima, mukagwedeza mausi zimayambanso kubwela, kapena mausiyo ndiyo imauma. Musaimbe mlandu pulogilamu. Samutsilani modemu pa COM2 kapena COM4, nkhani ithe.

Pa Alt-P pomwepo ikani 8 pa data, N pa parity, 1 pa stop. Ma BBS (makompyuta amene anthu anali kuimbila kuti asinthane mauthenga ndi mafaelo) ambili anali kufuna zimenezi; CompuServe, kampani ya ku America ya nchito zotele, ndiyo inali kufuna 7E1 (7, E, 1). Liwilo likhale logwilizana ndi modemu yanu, monga 2400. Ngati modemu ili ya 14400, khomo liikeni pamwamba, 38400 kapena 57600, koma pokhapo ngati kompyuta ili ndi UART (kacipangizo koyendetsa khomolo) ya 16550. Ya 8250 imagwetsa zilembo ikathamangitsidwa.

Tsopano Alt-O, musankhe Modem and dialing. Pa mau oyambila kuimba mupeza ATDT, amene ndi a mafoni a mabatani. Ngati laini yanu ili pa ekisichenji yakale yomva cabe foni yozungulutsa ndi cala, sinthani kukhala ATDP. Mu ofesi imene mumayamba mwadiniza 9 kuti mutulukile kunja, lembani 9 ndi cizindikilo ca koma (,) patsogolo pa namba; koma iliyonse imauza modemu kuyembekeza masekondi awili. Modemu ikalimbikila kulemba NO DIALTONE pamene inu mukumva kuti laini ili bwino, onjezelani X3 pa mau oyambitsila modemu, iziimba mosamvetsela. Mukatsiliza sankhani Write setup to disk. Mukaiwala ici, mawa mudzayambilanso pa ciyambi.

Buku la manamba limatseguka ndi Alt-D. Sankhani Add, mulembe dzina, namba, liwilo, ndipo pa terminal muike ANSI-BBS kuti mitundu ndi mabokosi zioneke bwino. Sankhani Dial. Modemu idzalila, idzasokosa pang'ono, kenako CONNECT. Kutenga faelo ndi PgDn, kutumiza ndi PgUp. Pa mndandanda wa njila zosamutsila mafaelo umene udzaoneke sankhani Zmodem, osati Xmodem, cifukwa laini ikaduka pakati Zmodem imapitiliza pamene inalekela. Pa 2400 faelo ya megabaiti imodzi imadya nthawi yopitilila ola, ndipo bilu ya foni siyembekeza, conco simungafune kuyambanso. Kudula foni ndi Alt-H, kutuluka ndi Alt-X. Mukasokonezeka, Alt-Z ionetsa mabatani onse.

Cinanso cofunika: m'nyengo ya mvula, kuyambila Novembala mpaka Epulo, zulani nthambo ya foni ku modemu mukatsiliza nchito. Mphenzi imayenda pa waya wa foni ngakhale kompyuta ili yozimitsa.

Kusintha Telix yakale

Zonse zimene mwavutikila zili m'mafaelo ocepa. TELIX.FON ndi buku la manamba, TELIX.CNF ndi zimene munasankha pa Alt-O, TELIX.KEY ndi mabatani amene munawapatsa nchito yapadela. Musanakhudze ciliconse, kopelani atatuwa pa disiki ina, pamodzi ndi mafaelo onse othela ndi SLT ndi SLC ngati muli ndi masikilipiti, timapulogilamu tolembedwa m'cinenelo ca Telix cochedwa SALT. Disikiyo muilembe tsiku, muisunge mu dilowa. Dziwaninso kuti mapasiwedi amene munasunga m'buku la manamba amapita nalo limodzi, conco si disiki yobweleketsa.

Yatsopano musaithile pamwamba pa yakale. Ipangileni foda ina, monga C:\TELIXN, muimasulilemo, muwelenge faelo ya README imene yabwela nayo cifukwa ndi mmene olemba amafotokoza zimene zasintha. Sinthani mzele wa SET TELIX uja uloze ku foda yatsopano, muzimitse kompyuta n'kuiyatsanso, apo ayi pulogilamu yatsopano idzapitiliza kuwelenga mafaelo a mu foda yakale, inu n'kumadabwa kuti palibe casintha.

Kopelani TELIX.FON ndi TELIX.KEY mu foda yatsopano. TELIX.CNF ndi bwino kuisiya. Lolani pulogilamu ipange yake, inu mulembemonso zosankha zanu mukuyang'ana pa zakale. Ndi mphindi zocepa cabe. Masikilipiti amene akana kuyenda, apangeninso kucokela ku faelo ya SLT pogwilitsa nchito pulogilamu ya CS imene yabwela ndi Telix yatsopanoyo.

Yesani monga poyamba paja: AT, muone OK, muimbe namba imodzi imene mudziwa kuti imayankha, mutenge kafaelo kang'ono. Foda yakale ikhale pomwepo kwa mlungu umodzi kapena iwili. Zonse zikayenda, ifufuteni, koma disiki ya mu dilowa isakhudzidwe.