Org ziwiri mu Emacs imodzi

Nditasamutsa makonzedwe anga a Emacs, pulogalamu yolembera pa kompyuta, kuchoka pa package.el kupita pa straight.el (zida ziwiri zoikira mapulogalamu owonjezera mu Emacs), zonse zinkayenda bwino kupatula Org, pulogalamu ya mu Emacs yolembera manotsi ndi zochita. Ndikangotsegula fayilo ya .org, pankatuluka chenjezo loti "Org version mismatch", agenda (ndandanda ya zochita) nayo n'kumachita zosadziwika.

Gwero lake ndi ili. Emacs imabwera ndi Org yakeyake, pomwe straight.el imakoka ina yatsopano kudzera pa Git, chida chosungira ndi kugawira mafayilo a mapulogalamu. Makonzedwe anga ndimalemba mu config.org, ndipo init.el, fayilo yomwe Emacs imatsegula ikamayamba, imawawerenga ndi lamulo la org-babel-load-file. Lamulo limeneli silingagwire ntchito popanda Org, choncho Emacs inkadzutsa yakale ija straight isanafike n'komwe pamzere wake. Mapeto ake, zidutswa zina zakale, zina zatsopano, zonse zikugwirira ntchito limodzi mosamvana.

Pokonza vutoli, ndinatenga mzere wa (straight-use-package 'org) n'kuuika mu init.el, pansi penipeni pa bootstrap ya straight (mizere yoyambitsa straight), chilichonse chokhudza Org chisanatchulidwe. Mu early-init.el, fayilo yomwe inayamba ndi Emacs 27 ndipo imawerengedwa init.el isanawerengedwe, ndinalembamo (setq package-enable-at-startup nil) kuti package.el isamalowerere. Kenako ndinafufuta foda yonse ya straight/build kuti mafayilo a .elc (omwe Emacs imapanga kuchokera ku mafayilo a .el kuti azithamanga msanga) apangidwenso. Gawo ili ambiri amalidumpha, koma .elc yakale imodzi yokha ndi yokwanira kubweretsanso vutolo.

Poyesa, M-x org-version (lamulo lolembedwa mu Emacs) imasonyeza nambala komanso foda yomwe Org yachokera. Yanga tsopano ikuloza mu straight/build. Ndinamaliza ndi straight-freeze-versions, lamulo lomwe limalemba mu versions/default.el mtundu weniweni wa pulogalamu iliyonse yomwe ndikugwiritsa ntchito, n'kuika fayiloyo mu Git pamodzi ndi makonzedwe enawo.