Momwe mungafufuzire amene akudyerera pa ndende za makampani

Ambirife timangoganiza kuti ndende zonse ndi zaboma, koma ayi ndithu, zina ndi bizinesi ya anthu ndipo mkaidi aliyense akalowa ndiye kuti ndalama yalowa mthumba mwawo. Ndiye ngati m'bale wanu watsekeredwa ku America kapena ku Joni, kapena mukungofuna kumvetsa, yambani chonchi.

Fufuzani kaye amene akuyendetsa ndendeyo, musangokhutira ndi dzina lapageti. Lembani pa Google dzina la ndende pamodzi ndi GEO Group kapena CoreCivic, awa ndiwo akuluakulu ku America, CoreCivic inayamba 1983 ikutchedwa Corrections Corporation of America kenako inasintha dzina 2016 koma ntchito ndi yomweyo. Ku South Africa makampani anapatsidwa kontrakiti yoyendetsa ndende ziwiri, Kutama Sinthumule ku Limpopo ndi Mangaung ku Bloemfontein, Mangaung imeneyi inkayendetsedwa ndi kampani ya zachitetezo ya G4S pomwe mkaidi Thabo Bester anathawa 2022 atasiya mtembo wopsa mu selo anthu nkumati wafa, mpaka anakamugwira ku Arusha, ku Tanzania, 2023.

Kenako yang'anani kontrakiti, apa ndiye pagona nkhani. Boma limalipira kampani pa mkaidi aliyense tsiku lililonse, ndipo makontrakiti ena ku America amanena kuti boma lizilipirabe mabedi 80 kapena 90 pa 100 alionse olo mulibe wogonamo. Tangoganizani, bedi lopanda munthu koma msonkho ukupita. Kampani yotereyi singakondwe akaidi akamachepa, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima kwambiri.

Mukatero tsatirani ndalama kwa andale. Tsegulani OpenSecrets pa intaneti, tsamba lomwe limalondoloza ndalama za ndale ku America, lembani dzina la kampani muona ndalama zomwe anapereka pa kampeni komanso zonyengerera opanga malamulo. Ndiye fananizani ndi madeti: 2016 boma la Obama linati lisiya ndende zimenezi, 2017 Jeff Sessions, nduna ya zachilungamo ya Trump nthawi imeneyo, anabweza ganizolo, 2021 Biden analetsanso koma sanakhudze malo osungira anthu obwera a ICE, nthambi ya boma la America yoona za anthu olowa m'dziko, Januwale 2025 Trump anafafaniza chiletsocho. Onaninso mitengo ya masheya, Trump atangowina Novembala 2024 masheya a makampani awiriwa anakwera kwambiri. Kwa ife amene tili ndi abale omwe anadutsa pa Lindela, malo osungira obwera ku Krugersdorp ku South Africa, asanabwezedwe kumudzi, werengani umboni wa Angelo Agrizzi, yemwe anali mmodzi mwa mabwana a kampani ya Bosasa, ku komishoni ya Zondo yofufuza katangale 2019, anafotokoza momwe Bosasa, yomwe inkayendetsa malowa, inkagawira ndalama akuluakulu aboma.

Ngati m'bale wagwidwa ndi ICE, gwiritsani ntchito Online Detainee Locator, tsamba la ICE lofufuzira komwe munthu akusungidwa, mukhale ndi A-number yake (nambala yomwe a imigireshoni ku America amapatsa munthu wobwera) ndi dziko lomwe anabadwira. Akakuimbirani mufunseni zinthu zenizeni, foni akulipira zingati, sopo akugula yekha kapena ayi, akugwira ntchito yanji mkatimo chifukwa malo ambiri amalipira dola imodzi patsiku munthu akukolopa ndi kuphika. Lembani zonsezo mu kope ndi madeti ake, mukapatse loya.