Galimoto yakale ya 4x4 ikamamwa mafuta kwambiri, musathamangire kukonzetsa pampu ya injini

Eni ake a Land Cruiser, Hilux, Pajero ndi Patrol zakale amakonda kunena kuti galimoto zawo ndi zidakwa, ndipo palibe chochita chifukwa ndi mmene zinabadwira. Mbali ina akunena zoona. Injini ya 1HZ ya mu Land Cruiser ndi ya malita 4.2, masilinda 6, ndipo imakoka chithupi cholemera matani oposa awiri. Singamwe ngati Vitz. Komabe malita ambiri amene amatha m'galimoto zoterezi sathera ku ukalamba ayi. Amathera pa tinthu timene mwini wake angakonze ndi ndalama zochepa, tina osatulutsa n'kobiri lomwe.

Musanagwire sipanala, yezani kaye. Geji ya mafuta ya galimoto yakale si yodalirika. Mwetsani mpaka thanki idzaze, lembani makilomita amene ali pa mita, yendani monga mwa masiku onse, ndipo tsiku lodzazanso mulembe malita amene alowa. Ngati mwayenda makilomita 480 n'kuthira malita 60, ndiye kuti lita imodzi ikukuyendetsani makilomita 8. Nthawi imene mafuta akusowa ndipo pamzere akukupatsani ochepa, ingolembani lita iliyonse m'kakope kwa mwezi wathunthu, muwerengetsere pamapeto. Amene munaika matayala aakulu kuposa amene galimoto inabwera nawo, dziwani kuti mita yanu ikuwerenga makilomita ochepa poyerekeza ndi amene mukuyendadi, choncho chiwerengero chidzaoneka choipa kuposa mmene zilili.

Kenako tsikani, mukagwade pa matayala akutsogolo. Hilux ndi Land Cruiser zambiri zakale zili ndi hub, kachitsulo ka pakati pa tayala kotembenuza ndi dzanja, kolembedwa FREE ndi LOCK, kamene kamamasula kapena kulumikiza tayalalo ku zitsulo zolizunguza. Anthu ambiri akatuluka m'matope amabweza kagiya kakang'ono pa 2H (pokokera matayala akumbuyo okha), koma hub amaiwala, imakhala pa LOCK mpaka chilimwe. Zikatero matayala akutsogolo amazunguza ma shaft, difu ndi propshaft yakutsogolo ulendo wonse popanda ntchito, ndipo wolipira ndi thanki. Mukafika pa phula, hub zonse ziwiri zikhale pa FREE. Kamodzi pamwezi muziziika pa LOCK kwa makilomita ochepa kuti oilo ayende m'difu, basi. Kuyenda pa phula louma muli pa 4H (pokokera matayala onse anayi) ndiye koipa kwambiri: mafuta akutha, matayala akudyeka, ndipo zitsulo za m'kati zikukanikizana pakona iliyonse. Izi zikukhudza galimoto zochita kulowetsa 4x4 ndi dzanja. Zina monga Land Rover Defender zimakoka ndi matayala onse nthawi zonse, ndipo kwa izo chofunika n'kumasula diff lock, loko wa difu, mukachoka poterera.

Muli chigwadire choncho, yezani mpweya. Yezani m'mawa matayala asanatenthe, ndipo tsatirani manambala amene alembedwa pa chipilala cha chitseko cha dalaivala kapena m'buku la galimoto, osati kumenya tayala ndi phazi. Amene amaphwetsa matayala podutsa mumchenga wa kunyanja kapena m'matope amachita bwino, koma apopenso akangofika pa tala. Matayala a mano akuluakulu a m'matope amakongoletsa galimoto, inde, koma ngati maulendo anu ambiri ndi a pa M1, mukugula phokoso ndi mafuta. Mukayenda mtunda wautali, yandikizani dzanja pa limu lililonse. Limodzi likatentha kuposa anzake, mwina buleki ikugwira, makamaka ya handibuleki imene inalowa matope nthawi ya dzinja.

Tsopano nkhani imene ine ndimalimbana nayo kwambiri ndi amakaniko: thermostat. Galimoto ikangoyamba kutentha, ena amathamangira kuichotsa, amvekere, "Bwana, ichi n'cha kumayiko ozizira, kuno sichifunika." Musalole. Ntchito ya kachipangizo kameneka n'kutseka madzi kuti injini ifunde msanga, kenako n'kuisunga pa kutentha koyenera, kumene pa injini zambiri kumayambira cha m'ma 80 digiri. Injini yozizira siwotcha mafuta bwino, oilo wake amakhala wolimba, ndipo imatha msanga. Mukaona muvi wa geji uli pansi ngakhale mwayenda kuchokera ku Lilongwe mpaka ku Dedza, funsani ngati thermostat ilimo. Chimene chinkatenthetsa galimotoyo poyamba chimakhala china: radiator yotsekeka ndi dzimbiri la madzi a pa mjigo, chivindikiro chotha, kapena fani yofooka. Konzani chimenecho.

Fyuluta ya mpweya m'miyezi ya fumbi, kuyambira August mpaka mvula itagwa, muziitsegula pafupipafupi. Ikatsekeka, injini ya dizilo imabanika, imatulutsa utsi wakuda, ndipo inu mumaponda moto kwambiri kuti ikoke. Osaichapa ndi madzi ngati ili ya pepala, osaimenyetsa pa mwala. Igogodeni pang'ono ndi dzanja, ndipo ikang'ambika kapena kuda ndi oilo, gulani ina.

Utsi wakuda ndi dizilo amene mwalipira koma sanapse. Ukapitirira fyuluta ili yatsopano, pitani nawo ma injector, tizitsulo topopera dizilo m'masilinda, kwa anthu amene ali ndi makina oyezera, akaone ngati akupopera mafuta ngati nkhungu kapena akungodontheza. Pampu yotumiza dizilo ku ma injector ikhale yomalizira, ndipo woigwira akhale munthu wa ntchito yomweyo. Kupotoza kasikuluwu ka pampu pansi pa mtengo kuti galimoto "ikhale ndi mphamvu" ndi njira yachidule yowonjezera utsi ndi kutenthetsa injini. Za timankhwala tothira m'thanki ndi maginito omangirira pa paipi ya mafuta, sungani ndalama zanu.

Katundu wosafunika atsike. Kariyala ya pamwamba, ngakhale ilibe kanthu, imalimbana ndi mphepo, ndipo galimoto izi kutsogolo kwake n'kophwatalala kale. Liwiro ndiye limadya koposa: kuchoka pa 100 kufika pa 120, mphamvu imene mphepo imakankhira galimoto m'mbuyo imakwera ndi 44 peresenti. Dizilo yakale imasangalala pa 80 kapena 90, mu giya yomaliza. Sinthani giya msanga, koma osafika poti injini izigogoda; pa chitunda ngati cha Chiweta bwererani giya yotsika nthawi ilipo m'malo mopondereza mpaka pansi utsi uli tolo. M'mawa, miniti imodzi yoliza injini ndi yokwanira, kenako nyamukani pang'onopang'ono, ifundira m'njira. Podikira munthu pa ofesi kapena pamzere wa mafuta wosasuntha, zimitsani.

Pali njira ziwiri zimene madalaivala amati n'zopulumutsa mafuta koma zimawononga. Yoyamba ndi kuika nyutulo pamtsetse. Pa msewu wotsika kuchokera ku Dedza kupita ku Golomoti, galimoto yolemera ikakhala pa nyutulo imatsamira mabuleki okha, amatentha, n'kusiya kugwira. Chonsecho injini ya dizilo ikamatsika ili m'giya phazi mutachotsa pa moto, pampu imadula mafuta pafupifupi onse, ndiye palibe chimene mwapindula. Yachiwiri ndi dizilo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu. Wina amakhala wosakaniza ndi parafini, amene alibe mafuta okwanira otelezetsa pampu, wina amakhala ndi madzi ndi zinyalala. Mukakakamizika kugula chifukwa mwasowa kolowera, sefani pothira, ndipo mukafika kunyumba masulani kapulagi ka pansi pa fyuluta ya mafuta kuti madzi atuluke.