Kusankha mneni woyenera pa mayeso a Chingerezi

Mwafunsa mmene mungasankhire pakati pa "is" ndi "are", kapena "has" ndi "have", pa mafunso a MSCE. Tsatani izi.

1. Pezani mwininkhani weniweni. Ambiri amagwera pamenepa, chifukwa okonza mayeso amakonda kulowetsa mawu ena pakati kuti akusokonezeni. Mu chiganizo chakuti "The box of mangoes ... heavy", cholemera ndi bokosi, osati mango, choncho yankho ndi "is". Phimbani ndi chala kagawo koyamba ndi "of", "together with" kapena "as well as", kenako werenganinso. Mwininkhani aoneka yekha.

2. "Each", "every", "everyone" ndi "nobody" amatenga mneni wa chinthu chimodzi: "Each of the girls has a pen", ngakhale atsikanawo atadzaza kalasi lonse.

3. Mukaona "either... or" kapena "neither... nor", mneni agwirizane ndi dzina lomwe wayandikana nalo: "Neither the teacher nor the pupils were late."

4. Chilembo "s" chakumapeto chisakunamizeni. "News" ndi "mathematics" zimatenga "is", pomwe "police" ndi "cattle" zimatenga "are". Komanso "a number of" imafuna "are", koma "the number of" imafuna "is".

Koma pa mafunso a zining'a za Chingerezi palibe njira yachidule, muziloweza basi, pamodzi ndi matanthauzo ake. Musasinthe ngakhale liwu limodzi. Yankho lakuti "make ends join" mulisiye pomwepo, cholondola ndi "make ends meet".