Momwe mungakhomere fayilo ya malipiro musanaitumize pa imelo

Mwezi ukamatha, makalaliki a magulu a alimi a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje amatumiza ndandanda wa malipiro pa imelo, muli mayina, manambala a akaunti ndi makilogalamu a masamba. Fayilo yotere isamapite yosakhoma.

Njirayi imayendera makiyi awiri opangidwira limodzi. Kiyi wapoyera mumapatsa aliyense, iye amangokhoma. Chomwe wakhomacho chimatsekuka ndi kiyi wachinsinsi yekha, amene satuluka m'kompyuta mwanu. Ndiye potumiza fayilo mumakhoma ndi kiyi wapoyera wa wolandirayo, osati wanu.

Tsitsani Gpg4win, pulogalamu yokhomera mafayilo, pa gpg4win.org. Ndi yaulere, mungowononga bandulo. Wina akamakugulitsani pa fulashi ku Luchenza, mukaneni, simukudziwa zomwe wathiramo. Tsekulani Kleopatra, pulogalamu yosamalira makiyi yomwe imabwera ndi Gpg4win, pitani pa File, kenako New OpenPGP Key Pair, lembani dzina ndi imelo, ndipo chongani kabokosi koteteza kiyi ndi mawu achinsinsi. Sankhani mawu asanu kapena asanu ndi limodzi osagwirizana. Mukawaiwala palibe ofesi yokadandaulako.

Ambiri amagwera potumiza kiyi. Pali Export yotulutsa kiyi wapoyera, palinso Backup Secret Keys yotulutsa kiyi wachinsinsi, ndipo zonse zingatulutse fayilo yothera ndi .asc, kotero n'zosavuta kuzisokoneza. Musanatumize, itsekuleni ndi Notepad muwerenge mzere woyamba. Ukanena kuti BEGIN PGP PUBLIC KEY BLOCK, tumizani. Mukaona PRIVATE, imani pomwepo. Ngati yapita kale, kiyiyo watha ntchito, chifukwa wotsala kumutchinga ndi mawu achinsinsi aja okha, ndipo wakuba akhoza kumawayesa usana ndi usiku pa kompyuta yake. Muthetseni ndi revocation certificate, kafayilo kouza ena kuti kiyiyo asamugwiritsenso ntchito, mupange wina, muuze onse amene munawapatsa wakaleyo.

Kiyi wa mnzanu akafika, dinani Import, koma musamukhulupirire msanga, poti aliyense angathe kupanga kiyi n'kulembapo dzina la akauntanti wanu wa ku Blantyre. Muimbireni foni mnzanuyo, muwerengerane fingerprint, chizindikiro cha kiyiyo cha zilembo ndi manambala 40, zonse osadumpha. Zikafanana dinani Certify.

Kwatsalaku n'kosavuta. Sign/Encrypt, sankhani fayilo ndi wolandira, siyani Encrypt for me ili yochonga kuti nanunso muzitha kuitsekula, kenako tumizani yothera ndi .gpg ija. Mutu wa imelo sukhomedwa, musalembemo ndalama.