Kumene mungapeze thandizo maganizo akakulemerani muli kunja

Mmalawi amene ali ku Joni, ku Cape Town, ku Leeds kapena ku Dublin sakonda kunena kuti akudwala matenda a maganizo. Amangoti tulo sakupeza, mutu ukumuwawa tsiku ndi tsiku, mtima ukuthamanga, kapena m'thupi mwangoti lefu popanda chifukwa, ndipo amagula Panado pa shopu n'kumapitiriza ntchito. Komatu ngati patha masabata 2 kapena kuposerapo muli wokhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, chakudya sichikukoma, zimene zinkakusangalatsani sizikukukhudzaninso, ndipo mukudzuka pakati pa usiku n'kumaganiza mpaka kucha, amenewo ndi matenda amene madokotala amawadziwa ndipo amachizika. Si kufooka kwa chikhulupiriro, ndipo si misala.

Zifukwa zake sizisowa. Mapepala atha ndipo mtima umagunda mukangoona galimoto ya apolisi. Bwana akuchedwetsa malipiro pamene pa WhatsApp pali mauthenga a mawu angapo amene simunawatsegule, chifukwa mukudziwa kale kuti mmodzi ndi wa fizi, wina wa feteleza, wina wa kuchipatala. Mayi anu anamwalira ndipo maliro munangowaonera pa foni, poti mukadatuluka m'dzikomo simukadabwereranso. Amene akusamalira okalamba ku Britain amagwira ntchito usiku, kugona masana, ndipo m'mwezi wa December amadzuka kunja kutada kale cha m'ma 4 koloko. Chovuta kwambiri n'chakuti kumudzi anthu amakuonani ngati munthu amene zake zinayenda, choncho mulibe kodandaulira.

Poyambira ndi kiliniki wamba ya m'dera lanu. Ambiri amaganiza kuti thandizo la maganizo limapezeka ku zipatala zikuluzikulu zokha, monga Weskoppies ku Pretoria kapena Valkenberg ku Cape Town, koma kumeneko munthu amachita kutumizidwa, ndipo odwala ambiri safikako n'komwe chifukwa amathandizidwa pa kiliniki pomwepo. Ku South Africa, gawo 27 la malamulo oyendetsera dziko limati munthu aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, ndipo palibe amene ayenera kukanizidwa chithandizo cha mwadzidzidzi. Lamuloli likunena munthu aliyense, osati nzika zokha. Pa kiliniki ya boma simulipira, ndipo nesi akhoza kukupatsani tsiku loonana ndi dokotala kapena mlangizi. Ku chipatala chachikulu ndiye amatha kulipiritsa.

Zimene zili papepala sizifanana nthawi zonse ndi zimene zimachitika pa geti. Pakhala magulu, monga Operation Dudula, amene amaima pa zipata za makiliniki n'kumabweza anthu obwera, ndipo mu November 2025 khoti lalikulu la ku Johannesburg linagamula kuti gululi lilibe mphamvu yofunsa anthu ziphaso kapena kuwatsekereza kuchipatala. Mukabwezedwa, lembani tsiku, nthawi ndi dzina la kilinikiyo, ndipo kanenani kwa Lawyers for Human Rights kapena SECTION27, kapena ku Scalabrini Centre ngati muli ku Cape Town. Amene anamenyedwapo, kuwotcheredwa nyumba kapena kugwiriridwa angafunse ku Centre for the Study of Violence and Reconciliation ku Johannesburg, bungwe limene lakhala likupereka uphungu kwa anthu obwera amene anakumana ndi nkhanza.

Usiku, kiliniki itatseka, pali foni. Ku South Africa, bungwe loona za matenda a maganizo la SADAG limayankha usana ndi usiku pa 0800 567 567, nambala yaulere ya anthu amene akuganiza zodzipha kapena amene afika pothedwa nzeru, ndipo mukatumiza SMS ku 31393 amakuimbirani okha. LifeLine ili pa 0861 322 322. Ngati moyo uli pachiswe, imbani 112 pa foni ya m'manja. Sungani manambalawa m'foni lero lomwe, chifukwa munthu amene wapanikizika sakhala ndi mphamvu yofufuza pa intaneti.

Ku Britain khomo lake ndi GP, dokotala wa m'dera. Ku England kulembetsa kwa GP n'kwaulere kwa aliyense, ndipo malangizo a NHS, bungwe la boma loona za zaumoyo, amati munthu asakanidwe chifukwa alibe pasipoti, umboni wa malo okhala kapena chilolezo chokhalira m'dzikomo. Akakuvutitsani pa kauntala, bungwe la Doctors of the World limathandiza anthu kulembetsa. Mukalembetsa, mungadzilembere nokha pa intaneti ku NHS Talking Therapies, kumene mumacheza ndi mlangizi za nkhawa ndi kukhumudwa, ngakhale kuti m'madera ena mzere wake ndi wautali ndipo mungadikire masabata angapo. Zikavuta mwadzidzidzi, imbani 111 n'kusankha gawo la matenda a maganizo, kapena 999 ngati wina wadzivulaza. A Samaritans amayankha kwaulere nthawi iliyonse pa 116 123, nambala imene imagwiranso ntchito ku Ireland, ndipo ku Britain amene sangathe kulankhula chifukwa akugona chipinda chimodzi ndi anzawo angalembe mawu akuti SHOUT ku 85258.

Apa ndifotokoze bwino nkhani imene imaopsa ambiri. Ngati munalipira ndalama ya zaumoyo potenga visa ya ku Britain, mumathandizidwa ngati wina aliyense, ndipo zimene mwauza dokotala sizipita kwa bwana amene anakusainirani visa popanda chilolezo chanu. Mukadwala kupitirira masiku 7, GP amalemba kalata yopita nayo kuntchito. Ngati mulibe mapepala, GP ndi chipinda cha ngozi za mwadzidzidzi n'zaulerebe, koma kugonekedwa m'chipatala kungabwere ndi bilu, ndipo ku England ngongole ya £500 kapena kuposerapo imene yakhala miyezi 2 osalipiridwa ikhoza kudziwitsidwa ku Home Office, unduna woona za anthu olowa m'dzikomo. N'chifukwa chake n'kwanzeru kupita kwa GP matenda asanakule. Ku England mankhwala amalipiridwa pokawatenga, kupatula kwa anthu ena amene lamulo limawakhululukira, pamene ku Scotland ndi ku Wales ndi aulere. Amene ali ku Scotland ali ndi Breathing Space pa 0800 83 85 87, ku Ireland kuli Pieta pa 1800 247 247, ndipo ku United States ndi ku Canada nambala ndi 988. Amayi ogwira ntchito za m'nyumba ku Oman ndi maiko oyandikana nawo, amene ena amalandidwa pasipoti ndi foni, vuto lawo loyamba ndi kutuluka m'nyumbamo, choncho achibale adziwitse msanga unduna woona za maubale ndi maiko akunja ku Lilongwe.

Mukalowa kwa dokotala, musangotchula mutu ndi msana, chifukwa adzakupatsani mankhwala opha ululu n'kukutsanzikani. Nenani kuti simukugona, mukulira nokha, mukuopa kutuluka panja, mukumwa mowa kuti mupeze tulo, kapena mumaganiza kuti bola kufa. Nthawi yoonana ndi dokotala imakhala yochepa, choncho lembani zimenezi papepala musanapite ndipo mungompatsa kuti awerenge ngati pakamwa pakulemera. Ku NHS muli ndi ufulu wopempha womasulira kwaulere, ndipo pomupempha tchulani Chichewa ndi Nyanja, poti m'mabuku awo chinenero chathu chimalembedwa ndi maina onse awiri. Musatenge mwana wanu kuti akumasulireni nkhani zoterezi. Dokotala angafune kuyeza magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi ndi matenda a chithokomiro zimafooketsa munthu mofanana ndi kukhumudwa. Mutchulenso mankhwala onse amene mukumwa, kuphatikizapo ma ARV ndi azitsamba. Mayi amene wangobereka kumene, ndipo akuona kuti mwana sakumukonda kapena akungolira, anene kwa nesi wa ku sikelo, chifukwa kumudzi akadakhala ndi amayi ake ndi apongozi omulandira mwana, pamene kunja amakhala yekha m'chipinda tsiku lonse.

Mankhwala monga fluoxetine ndi sertraline sagwira ntchito tsiku lomwelo. Pamatenga masabata angapo kuti munthu ayambe kumva kusintha, ndipo masiku oyambirira ena amachita nseru kapena kusowa mtendere, n'kuganiza kuti mankhwalawo akuwapweteka. Bwererani kwa amene anakulemberani m'malo mongosiya, ndipo ngakhale mutapeza bwino, musaleke mwadzidzidzi, chifukwa nthawi zambiri amamwedwa kwa miyezi 6 kapena kuposerapo munthu atachira. Mowa ndi chamba zimabweza ntchito yonseyi m'mbuyo. Amene wakhala akumwa kwambiri tsiku lililonse asaleke yekha kamodzin'kamodzi, poti thupi likhoza kunjenjemera mpaka kukomoka. Kusiya kumafuna kuyang'aniridwa ndi achipatala.

Mpingo ndi magulu a Amalawi ndi chuma chachikulu kunja, ndipo sindikuuza munthu kuti asiye kupemphera. Vuto limabwera mtsogoleri akauza wodwala kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro, kapena nkhani imene munthu anaulula mwachinsinsi ikasanduka mutu wa mapemphero pa gulu la WhatsApp, mawa lake n'kumveka mpaka ku Mangochi. Sankhani munthu mmodzi wosunga pakamwa. Magulu athu amadziwa kusonkha ndalama zotumizira maliro kumudzi, ndipo kuchita zimenezo n'koyamikika, koma gulu lomwelo likhoza kusankha anthu awiri odziwa njira za kuchipatala kuti aziperekeza odwala akadali moyo.

Mnzanu akayamba kugawa katundu wake, kutsanzika mosadziwika bwino kapena kunena kuti watopa ndi moyo, mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Akavomera, musamusiye yekha, chotsani mankhwala ndi zinthu zina zoopsa m'chipindamo, ndipo imbani limodzi imodzi mwa manambala aja. Ngati akumva mawu amene ena sakuwamva, sakugona masiku angapo, kapena akukhulupirira kuti anthu akumusaka, mutengereni ku chipatala tsiku lomwelo. Ku South Africa lamulo la 2002 la chisamaliro cha odwala maganizo limalola kuti munthu wotere asungidwe m'chipatala maola 72 akumuunika, ngakhale iye asakufuna, ndipo zimenezi si kumangidwa.

Achibale ambiri amathamangira kumukweza basi wodwalayo kuti akaonere kumudzi. Nthawi zina kubwerera kumathandizadi, koma ulendo wodutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka ku Mwanza ndi wautali, ndipo munthu wosokonezeka akhoza kutsika pa boda osakweranso. Ayambe walandira chithandizo kumene aliko, kenako ayende ndi womuperekeza, atanyamula mankhwala okwanira mwezi ndi kalata ya dokotala yotchula matenda, dzina la mankhwala ndi mlingo wake. Kalatayo akaionetse ku chipatala cha boma cha m'boma lake, kumene kumakhala anamwino a matenda a maganizo, kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kapena ku Zomba Mental Hospital, mankhwala amene wabwera nawo asanathe.