Borrow ndi lend: kusiyanitsa wobwereka ndi wobwereketsa

Mwana wasukulu ku Santhe akafuna cholembera kwa mnzake, nthawi zambiri amati "Borrow me your pen." Mnzakeyo amamva ndithu n'kumupatsa, koma pa mayeso a MSCE chiganizo chotere chimaluzitsa malikisi. Gwero la vutoli ndi Chichewa chathu chomwechi. Timati "ndabwereka khasu kwa amalume", n'kunenanso kuti "amalume, ndibwerekeni khasu", mneni mmodzi kugwira mbali zonse ziwiri. Chingerezi sichilola zimenezo.

Choyamba, onani kumene chinthucho chikulowera. Chikamabwera m'manja mwa mwininkhani, mneni wake ndi borrow, ndipo amayenda ndi from: "I borrowed a hoe from my uncle." Chikamachoka m'manja mwake, mneni wake ndi lend: "My uncle lent me a hoe", kapena "My uncle lent a hoe to me." Khasu ndi lomwelo, chasintha ndi amene tamuika patsogolo.

Njira yachidule yodziyesera nayi: ngati mneniyo akutsatiridwa pompo ndi me, him kapena us kutanthauza wolandira chinthucho, mawu oyenera ndi lend. Choncho popempha njinga nenani "Can you lend me your bicycle?" kapena "Can I borrow your bicycle?" Zonse ziwiri n'zolondola. Musaiwalenso kuti pa zochitika kale timalemba borrowed ndi lent. Mawu akuti lended kulibe.

Pa nkhani ya ndalama Chichewa chimathandiza kwambiri, chifukwa apa tili ndi aneni awiri: kukongola ndi borrow, kukongoza ndi lend. Mlimi wa fodya ku Chamama amene akufuna K50,000 yoonjezera pa feteleza alembe m'kalata yake yopita ku banki kuti "I would like to borrow K50,000." Akalemba lend, kalatayo ikunena kuti iye ndiye akufuna kukongoza banki, ndipo apa m'pamene cholakwachi chimapweteka, poti tanthauzo latembenukiratu.

Borrow ndi lend amagwira pa chinthu chimene chidzabwezedwe. Mchere umene mwapempha kwa aneba kuti muthire m'ndiwo subwerera, ndiye ingonenani "Please give me some salt." Ngolo imene mwalipira kuti ikututireni chimanga kumunda simunaibwereke ayi, pamenepo mawu ake ndi hire.